Mphukira za Duwa la Sanobar

Lolemba, 9 Januwale

Mimba ya Sanobar: masabata 31, masiku 2. Ndizilemba 31/2. M'chipinda madigiri 21.

Amutenga m'mawa uno, 8 koloko itangodutsa ndi mphindi khumi. Magazi akuthamanga kwambiri, miyendo yatupa. Mwana wanga Normurod akuti adokotala anena kuti mkazi wake agone kuchipatala cha amayi mpaka tsiku lake. Asamadzukedzuke, asakwiye, asamve chomudetsa nkhawa. Wolowa kukamuona palibe, ngakhale mwamuna wake. Chakudya tizisiya pakazenera ka pansi.

Mwana wanga ananyamula chikwama, ine ndinagwira nsapato. Pakhomo mpongozi wangayo anatembenuka. Amanditchula oyijon, ndiye kuti amayi okondedwa.

"Oyijon, duwa langa lija mundisamalire. Madzi muzithira pakati pa masamba. M'dothi pang'ono chabe."

Chikepe cha nyumba yathu yosanjikizanayi chinafika, basi anapita.

Mawuwa ndawalemba chifukwa n'koyamba kundipempha kanthu m'miyezi 14 ndi masiku 6. Pa 3 Novembala 2021, atapita padera kachiwiri, ndinauza Normurod kukhitchini kuti mwina mkaziyu si wobereka. Ndinanena motsitsa. Ine sindikweza mawu. Koma makoma a nyumba zino ndi opyapyala. Kuyambira tsikulo amandithirira tiyi, amawerama, "inde oyijon," maso pansi. Palibe china.

Lero wandisiyira duwa.

Lachiwiri, 10 Januwale

31/3. Madigiri 20. Kunja chipale chofewa chayamba kugwa.

Ndaliyang'anitsitsa. Pakamphika palembedwa Guzimaniya. Masamba 23, aatali, osalala, otuluka pamodzi ngati mutu wa nanazi. Pakati pamakhala madzi ngati m'kapu. Pamwamba duwa lofiira. Ndayeza ndi tepi yanga yosokera: masentimita 42 kuchokera padothi.

Linabwera pa 8 Malichi chaka chatha, mphatso ya Normurod kwa mkazi wake. Miyezi khumi lili chifiirire. Ine kwathu ku Jizzax sindinaonepo duwa lokhalitsa chonchi, poyamba ndinkaliyesa lapulasitiki.

Koma nsonga ziwiri za duwalo zachita ngati dzimbiri. Sindikudziwa ngati zinali choncho dzulo.

Madzi a pampopi Sanobar sathira mwachindunji. Pansi pa zenera pali mabotolo atatu momwe amasiyamo madzi kuti akhazikike. Ndathira masipuni akuluakulu asanu ndi limodzi.

Lachitatu, 11 Januwale

31/4. Madigiri 19.

Nsonga zadzimbiri tsopano zinayi.

Ndapeza chifukwa chake. Patsinde, pakati pa masamba a m'munsi, patuluka mphukira ziwiri. Ina masentimita 9, ina 6. Izi ndiye zikuyamwa mphamvu ya mayi wake.

Sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi, koma mbewu palibe angandiphunzitse. Zaka 34 m'munda wa thonje. Ikafika nthawi yothena tinkalowa m'mizere dzuwa lisanatuluke, chala chachikulu ndi chamkombaphala, thyo, thyo, nsonga ndi nthambi zosabala zonse pansi, kuti mphamvu ipite kuthonje. Tomato chimodzimodzi. Mpesa chimodzimodzi. Ana a m'tauni sadziwa zimenezi, amangothira madzi.

Yaikuluyo ndaichotsa. Inali yolimba, mpaka ndinachita kutenga kampeni kosendera mbatata. Yaing'onoyo ndiyembekeze masiku awiri, mbewu suivulaza kawiri tsiku limodzi.

Mtima unali m'malo. Ndinaganiza kuti akadzabwera adzapeza duwa lake lafiira kuposa kale.

Lachinayi, 12 Januwale

31/5. Madigiri 17. Mapaipi otenthetsa nyumba angofunda pang'ono, gasi wachepa mzinda wonse.

Sanobar waimba masana. Mawu ake ofooka. Wafunsa ngati Normurod akudya, kenako, "Nanga duwa?"

Ndati lili bwino, lofiira.

Anangoyankha kuti, "Chabwino, oyijon."

Lachisanu, 13 Januwale

31/6. Madigiri 15.

Yachiwiri ndachotsa m'mawa nditatha kupemphera. Ndataya limodzi ndi makoko a anyezi.

A Hosiyat a khomo loyang'anana ndi lathu anabwera kudzawotha, ati kwawo kukuzizira ngati m'manda. Anandipeza ndagwada pakamphika ndi tepi. Iwo amanditchula opa, ndiye kuti achemwali.

"Tursunoy opa, mukulisokera diresi duwalo? Kapena nsalu yolikulunga nayo pokaika?"

Ndinati musatero.

"Aaa, ine ndikunena zomwe maso akuona. Lafa ili. Thiranimoni masamba a tiyi otsala, ine maluwa anga onse amamwa tiyi ngati alendo."

Ndinati mwini wake ananena madzi okha.

"Mwini wake! Kale mpongozi ankanjenjemera akamva apongozi akutsokomola. Lero apongozi ndi amene mwalembedwa ntchito yolondera duwa. Akukulipirani mwezi ukatha?"

Anaseka okha mpaka chifuwa chinawagwira. Si munthu woipa. Anabweretsa mabuledi awiri otentha. Potuluka anati, "Pitani kumsika mukagule lina lofanana nalo. Ndani adzadziwe? Mkamwini wanga anasinthapo mphaka, ana osazindikira."

Loweruka, 14 Januwale

32/0. Sabata lina latha, Mulungu atamandike.

Duwa silikusintha. Theka lonse dzimbiri.

Lamulungu, 15 Januwale

32/1. Madigiri 13 m'chipinda, 16 kukhitchini.

Pazenera pachita madzi oundana mkati momwe. Duwa ndalisamutsira kukhitchini, pamwamba pa kabati, kutali ndi zenera. Kamphika ndakakulunga ndi mpango wanga waubweya. Masamba atatu a m'munsi achita chikasu. Abwino atsala 20.

Potembenuza kamphika ndaona mphukira yachitatu. Inabisala mbali yoyang'ana kukhoma, pansi pa tsamba lalikulu. Masentimita 5. Yachepa, zala sizikugwira bwino. Ndiichotsa Lachiwiri.

Normurod anapita ndi msuzi wa nkhosa kuchipatala. Akuti anaima pansi pa zenera lake, nsanjika yachitatu, mphindi khumi, mpaka zala za kumapazi zinasiya kumveka. Akuti Sanobar akufuna amujambulire duwa palamya. Mwana wanga analiyang'ana pakabatipo, n'kundiyang'ana ine.

"Oyi, mwalitani?"

Ndinati palibe.

"Ndimuuza kuti lamya yanga sikujambula bwino. Inu musanene kanthu, mwamva? Adokotala ati magazi akakweranso amuchita opaleshoni mwana asanakhwime."

Sindinadye.

Lolemba, 16 Januwale

32/2. Madigiri 16 kukhitchini.

Ndinamvera a Hosiyat. Ndinakwera basi kupita kumsika wa maluwa. Ogulitsa ambiri atseka chifukwa cha kuzizira. Ndinapeza mayi mmodzi m'kanyumba kagalasi, atavala majasi awiri, akuwotha kambaula. Dzina lake a Venera. Maluwa a mtunduwu anali nawo anayi, koma onse achikasu, lofiira panalibe.

Anandifunsa kuti langalo latani. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, masiku ndi masentimita.

"Miyezi khumi? Mayi, mwalisunga bwino zedi. Silikudwala ilo. Latha ntchito yake."

Sindinamvetse.

"Limachita maluwa kamodzi kokha moyo wake wonse. Likatero limayamba kufa, pang'onopang'ono, ngakhale mutalithirira madzi a ku Makka. Koma lisanafe limabereka ana patsinde. Mwayang'anamo? Muyenera kupezamo timphukira."

Ndinati ndinatipeza.

"Eya! Ndiye chuma chake chimenecho. Mayiyo akufa kuti adyetse anawo. Musawakhudze mpaka atafika gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa mayi wawo. Akafika pamenepo mudule ndi mpeni woyera, aliyense m'kamphika kake. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu nawonso achita maluwa. Alipo angati?"

Ndinati analipo atatu. Awiri ndinathena.

Anavula magalasi. "Munatani?"

Ndinati ngati thonje.

"Kalanga ine! Amayi inu, m'nyumba yosanjikizana mwabweretsamo munda wa thonje? Chimenechi kwawo chimamera pamitengo m'nkhalango zotentha, mbale wake ndi nanazi, thonje alibe nalo chibale!"

Kenako ataona nkhope yanga anasiya. Anandithirira tiyi m'kapu yake yomwe. Anati wotsalayo ndimusamale. Anati popeza nyumba yazizira, madzi apakati aja ndiwakhuthule, apo ayi chiola. Ndizingowaza masamba ndi madzi ofunda m'mawa. Duwa louma ndilidule, masamba ndisiye.

M'basi ndinawerengetsa: 42 kugawa katatu ndi 14. Yoyamba ija inali 9. Inatsala ndi 5 okha.

Ndisanakwere kunyumba ndinapita kuchibini cha zinyalala kuseri. Ndinafukula ndi ndodo. Zonse zaundana gwa, ndipo galimoto inatenga kale Loweruka. A Hosiyat anandiona pazenera n'kufuula, "Opa, mwataya ndolo zagolide?" Ndinangokweza dzanja.

Zomwe zikundisowetsa mtendere si mphukira zokha. Ndi mawu aja. Mayi akufa kuti adyetse ana. Munthu ali gone kuchipatala ndi magazi othamanga, ine ndikamuuze zimenezo? Ndalavulira kumbali katatu kuthamangitsa tsoka.

Lachiwiri, 17 Januwale

32/3. Madigiri 15.

Lero ndi tsiku lomwe ndinalemba kuti ndichotsa yachitatu. Kampeni ndakaika m'dirowa ya pansi, kuseri kwa nsanza.

Madzi ndakhuthula. Anali atayamba kununkha. Ndawaza masamba ndi kabotolo kowazira zovala posita. Duwa sindinalidule, si langa.

Sanobar waimba 2 koloko. Lero mawu anali ndi mphamvu. Akuti m'chipinda mwawo ali anayi, mmodzi amaliza mkonono ngati thirakitala. Sanandiuzepo nkhani yoseketsa chaka chonsechi. Ndinaseka. Kenako anati:

"Oyijon, ndinaiwala kukuuzani tsiku lija chifukwa cha changu. Patsinde pali tiana titatu. Mwationa? Ndakhala ndikutidikira kuyambira Okutobala. Kamodzi n'kanu, kamodzi ka amayi anga ku Namangan, kamodzi ka uyu ali m'mimbayu. Takula bwanji?"

Kamodzi n'kanga.

Ndinati ketulo yawira, ndiimbanso. Pamoto panalibe ketulo.

Lachitatu, 18 Januwale

32/4. Mphukira: 5. Lamya inalira kawiri, sindinayankhe.

Lachinayi, 19 Januwale

32/5. Madigiri 16. Mphukira: 5, mwina kuposa pang'ono.

Ndamuuza Normurod za mphukira zija asanapite kuntchito. Anagwira mutu.

"Oyi, inunso. Bwanji osafunsa?"

Ndinati ndikanafunsa ndani, ine ndimadziwa mbewu.

"Chabwino, zachitika. Akafunsa muziti zilipo zitatu. Akadzabereka ndidzamuuza ndekha, kapena ndidzagula timphukira kwa mayi wanu wa kumsikayo n'kutizika m'mbali. Ndi duwa chabe ili."

Kwa iye ndi duwa chabe. Sakudziwa kuti mkazi wake wandifunsa kale lamya ili kukhutu. Sanobar si wopusa. Munthu akakuthawa palamya masiku awiri umadziwa kuti pali kanthu, ndipo ukagona chagada tsiku lonse kanthuko kamakula. Mwina akuganiza kuti ndabwerera ku zakale zija, kuti sindikufuna kumva mawu ake.

Ndayesa kuwerengetsa mbali zonse. Ndikanena, magazi angakwere. Ndikabisa, masabata anayi kapena asanu a bodza, tsiku lililonse. Kenako adzabwera ndi khanda m'manja, adzaona yekha zipsera ziwiri patsinde. Adzadziwa kuti kukhitchini kuno timakambirana za iye motsitsa mawu, ngati kale. Kuwerengetsa uku sikukutuluka.

A Hosiyat ati, "Mutumizireni maapozi, pakamwa pakakhala chodzaza safunsa zambiri."

Normurod mawa ali ndi ntchito kutali. Chakudya ndikapereka ndine.

Lachisanu, 20 Januwale

32/6.

Ndinanyamuka 10 koloko. Msuzi m'botolo lokulunga ndi thaulo, buledi mmodzi, maapozi anayi. Pakazenera ka pansi namwino analemba dzina pachikwama n'kutseka.

Ndinazungulira kuseri komwe amaima amuna. Panali atatu, akupondaponda pachipale, wina akufuula dzina la mkazi wake. Nsanjika yachitatu, zenera lachisanu kuchokera kumanzere, monga ananenera Normurod. Ndinatulutsa lamya kuti ndimuimbire. Yazima. Batire lake lakale, silipirira kuzizira.

Ndinangoima. Patapita nthawi katani inasuntha. Anali iye, atafunda bulangete, nkhope yotupa. Atandiona anadabwa. Anaika dzanja pamtima n'kuweramitsa mutu. Inenso ndinatero.

Kenako anamwetulira, n'kukweza zala zitatu pagalasi. Anapendeketsa mutu, kufunsa.

Magolovesi anga ndi aja ofunditsa zala zonse pamodzi. Ndikanatha kungogwedeza mutu, iye akanakhulupirira. Ndinaluma golovesi n'kuivula.

Chala chimodzi.

Anayang'ana. Kumwetulira kunatha. Ndinapinda chala chachikulu ndi chamkombaphala, thyo, thyo, kawiri, monga timachitira m'mizere. Kenako ndinadziloza pachifuwa.

Anachoka pazenera.

Ndinayamba kuwerenga, sindidziwa kuchita china. Pa 100 ndinaganiza za magazi. Pa 200 ndinaona m'maganizo anamwino akuthamanga ndi bedi lamatayala. Bambo wofuula uja anati, "Mayi, valani golovesi, chala chithothoka icho." Sindinavale. Ndinafika 412.

Katani inasunthanso. Maso ake anali ofiira, analira ndithu. Koma anaima yekha, wopanda womugwira. Anakweza chala chimodzi, n'kuchitsitsa pang'onopang'ono mpaka pamimba pake. Kenako analoza pansi, kukazenera kuja.

Namwino anandipatsa chikwama cha mabotolo opanda kanthu a dzulo. "Ndinu apongozi a Sanobar? Mwamuliza mpongozi wanuyo, kenako waseka mpaka tamukalipira. Magazi tayeza, ali momwe analili m'mawa. Pitani, mukuzizidwa."

M'botolo limodzi munali kapepala. Ndinawerenga m'basi, katatu. Ndikukopera pano monga kalili:

"Oyijon, za duwa lofiira ndinadziwa kuti mukunama, linayamba kuuma ndisanachoke. Lisiyeni life, nthawi yake yakwana. Ine sindikupita kulikonse. Kotsalako kakafika 14 tidzadula limodzi, inu mudzagwira kamphika, mpeni ndidzagwira ine. Mpaka tsikulo manja a thonjewo muziwasunga m'thumba. Mawa mubwerenso inuyo, msuzi wa mwana wanu umachepa mchere."

Nditafika sindinavule ndi jasi lomwe. Ndinakwera pampando, tepi m'manja.

Masentimita 5 ndi theka. Atsala 8 ndi theka.